Nsapato za a Chavula

Tenesi anabadwira ku Mwazisi, kumene njovu za ku Vwaza zimadya chimanga mwini munda akuonerera. Sukulu anailekera fomu 2. Mutu unalipo, koma bambo ake anaona kuti wophunzira mmodzi akwana pakhomo, ndipo anasankha mchimwene wake, amene lero amasinza pa mabenchi a malo omwera ku Mzuzu setifiketi ili m'thumba. Chimene Tenesi anatengera kwa mayi ake ndi dzanja. Mayiwo ankadziwa kokumba dothi lofiira, loyera ndi lachikasu, ndipo Khirisimasi ikayandikira ankakongoletsa khoma la nyumba mpaka opita kudimba ankaima. Iwo ankalekera pa maluwa ndi mizere. Mwanayo anawonjezera nkhuku, mbuzi ya pachingwe, ndipo chaka china njinga ya mlangizi yonse ndi masipoko ake.

Ali ndi zaka makumi awiri anakwatiwa ku Bolero, kubanja la a Chavula. Ng'ombe za malowolo zinapita ku Mwazisi, iye anabwera ku Boleroko, m'dera la Nkhamanga, ndipo dzina la Tenesi linatsala panjira. Kuno mkazi amaitanidwa ndi mfunda wa bambo ake, choncho kuyambira tsikulo anali Nyazgambo basi. Mwamuna wake Limbikani anakhala naye zaka zitatu, anabereka mwana wamkazi dzina lake Luntha, kenako ananyamuka ulendo wa ku Joni kukasaka ntchito. Akuisakabe, tikatengera zomwe amanena pafoni.

Tenesi anatsala ndi apongozi. Aamunawo, a Manasseh Chavula, anali hedimasitala wopuma, mkulu wa mpingo, munthu wodziwa chilichonse kupatula pomwe pamakhala khasu. Ku Nkhamanga konse kunalibe mjigo, mlatho wamatabwa kapena chimbudzi cha sukulu chimene chinatsegulidwa popanda mawu awo. Akaitanidwa ankapita. Akapanda kuitanidwa ankafika msanga kuposa oitanidwawo. M'thumba la jekete munkakhala pepala limodzi la mawu, lofewa ndi thukuta, ndipo ankangosinthamo dzina la chotsegulidwacho. Mimba inawatsogolera kalekale, moti mapazi awo anawaona komaliza nthawi ya riferendamu.

Mwambo umati mkamwana, mkazi wa mwana wako, asayang'ane apongozi aamuna kumaso. Makomo ambiri anaufewetsa mwambowu. A Chavula, omwe pamsonkhano ankatuluka thovu kukamwa ndi nkhani za chitukuko cha amayi, kwawo anausunga wathunthu. Tenesi ankabwera ndi beseni la madzi osamba m'manja, n'kugwada, maso pansi. Kulankhulana kunkadzera mwa apongozi aakazi, a Nyaharawa.

"Nyaharawa, muuzeni mkamwana wanu kuti madziwa atentha."

"Nyazgambo, akuti madzi atentha."

"Amama, auzeni adada kuti ndamva, yewo," anathokoza Tenesi.

Zonsezi zinkachitika pakhonde pomwe mphasa imodzi imakwana.

Choncho kwa zaka zisanu ndi zinayi, apongozi a Tenesi anali nsapato. Zakuda, zachikopa, zakale kuposa ukwati wake. Chidendene chakumanzere chinadyekera kunja. Pa kachala kakumanja panali chigamba chosokedwa ndi ulusi wa wosoka nsapato wa pamsika. Chingwe chimodzi chinali chakuda, chinacho chofiirira, chifukwa chenicheni chinaduka pa maliro ena ndipo Tenesi anaikapo chimene anapeza. Iye ndiye ankazipolisha m'mawa uliwonse, a Nyaharawa n'kuwaveka bambowo, popeza okha sakanafikira.

Chaka chimene Luntha anayamba sukulu, dzanja linamuyabwa Tenesi. Anakumba dothi kumtsinje n'kukongoletsa khoma la khitchini: atambala awiri, mtondo, ndi mayi wosenza nkhuni. Anthu odutsa anaima. Amayi a kumpingo anamuyamikira Tenesi, a Chavula akumva, ndipo pamenepo ndiye panalakwika, chifukwa pakhomopo woyamikiridwa ankakhala mmodzi. Tsiku lachitatu khomalo linapakidwa laimu.

"Muuzeni kuti pano ndi pakhomo pa hedimasitala, si pa golosale," anatero a Chavula. "Ndikadzaonanso matope kapena penti m'manja mwake, abwerera kwawo ku Mwazisi. Mwanayo ndi wa kwa Chavula. Ng'ombe zinapita. Atsala pompano."

A Nyaharawa anabwereza mawuwo motsitsa, ngakhale panalibe amene sanamve. Tenesi anati yewo. Anakasamba m'manja mpaka khungu kuwawa, ndipo kwa chaka chathunthu sanalembe ngakhale mzere pamchenga. Ankadziwa akazi awiri amene anabwezedwa kwawo, ana n'kutsala, ndipo ankawaona akuzemberera kumpanda wa sukulu kuti angoona ana awo patali.

Koma khomalo lisanafufutidwe, panadutsa munthu wina pa ulendo wa ku ukwati. Anali Isabella Munthali, mwana wa abusa, amene anatha zaka khumi ndi zisanu ku Lilongwe akulemba malipoti a mabungwe, malipoti omwe ngakhale iye mwini sankawawerenga. Atatopa anabwerera ku Rumphi ndi magalasi a tcheni. Anachita lendi kanyumba komwe kale munali telala, pa boma, m'mbali mwa msewu wopita ku Nyika, anakapaka zoyera mkati monse n'kukatcha galare, malo oonetsera zithunzi. Anthu ankasuzumira n'kufunsa chomwe chikugulitsidwa. Akamva kuti zithunzi zojambula pamanja, ankafunsa ngati alinso ndi fotokope.

Akatswiri ake analipo. Wamkulu anali Jerome, watsitsi lopota, wovala sikafu ngakhale mu Okutobala, amene ankajambula njovu za ku Kazuni, dziwe la ku Vwaza. Ku Kazuniko anali asanafikeko, ngakhale njinga yamoto imakafika dzuwa lisanatenthe. Njovuzo ankazitengera pafoni, ndipo zinkatuluka ndi miyendo ngati mitondo, nkhope zachifundo. Munthu amene njovu inamudyerapo munda ankangoziyang'ana n'kupukusa mutu. Zinapachikidwa kuyembekeza azungu, koma magalimoto a azunguwo ankangodutsa, n'kusiyira galare fumbi.

Khoma lija Isabella sanaliiwale, ndipo atafunsafunsa za mwini dzanjalo anamupeza Tenesi pamsika wa Bolero akugulitsa tomato. Anamuuza kuti ali ndi luso, n'kumutambasulira timachubu ta penti ndi maburashi awiri. Tenesi anakana. Sabata yotsatira anakananso. Ulendo wachitatu, Isabella atachoka, kapepala ka pulasitiki ka penti ndi maburashi aja kanapezeka pansi pa tomato, ndipo Tenesi sanathamangire kukabweza.

Malo anawapeza m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba, momwe a Chavula sankalowamo poopa fumbi pa buluku. Nsalu yojambulapo inali ziguduli zotsala pa mabelo, zomwe ankazikoka pa timatabwa n'kuzipaka laimu yemwe uja anatsala pofufuta khoma lake. Ankajambula masana, bambowo akapita kukatsegula zinthu. Mtima unkakhala m'mwamba, galu akangouwa burashi inkagwa. Tsiku lina a Nyaharawa, polandira mbale, anamugwira dzanja n'kuyang'ana kachikhadabo kobiriwira. Mawa lake pakhomo pa chigafa panali kabotolo ka parafini ndi kansanza.

Poyamba anayesa anthu athunthu, koma nkhope zinkatuluka ngati maungu. Nanga akanazidziwira kuti, munthu wokhala maso pansi? Mapazi ndiwo ankadzuka okha. Anajambula mapazi a wakabaza pa pedulo, zidendene zong'aluka za amayi pamzere wa kuchigayo, nsapato zoyera za namwino, mapazi a anthu atazungulira manda. Chachikulu pa zonse chinali cha nsapato ziwiri zakuda pakhonde, beseni patsogolo pake, ndi manja awiri a mkazi atagwira besenilo.

Ankazipititsa ku boma zitakulungidwa pansi pa dengu la tomato. Isabella atazifunyulula anavula magalasi, anawavalanso, n'kuyamba Chingerezi. Anati Tenesi akudzudzula dongosolo lonse lopondereza amayi. Tenesi sankadzudzula dongosolo lililonse, ankangojambula zomwe maso ake anazolowera. Koma anaona zithunzi zake zitapachikidwa pa khoma loyera, khoma loti palibe adzalifufute, ndipo anasangalala mpaka misozi. Pakona pa chilichonse analemba dzina limene linatsala panjira lija: Tenesi.

Chionetsero chinakonzedwa Loweruka m'mawa. Kuno palibe chimene chimayamba popanda mlendo wolemekezeka, ndipo Isabella anaitana bwana wina wa ku Mzuzu. Tenesi anatsanzika kunyumba kuti akupita ndi tomato. Atafika, Isabella anamulanda chitenje ndi duku, anamuveka diresi yake yabuluu, anamupesa tsitsi, n'kumuimika pamzere ndi akatswiri anzake. Munadzaza aphunzitsi, anamwino, amayi a kwaya, ndi ena amene anangomva kuti kuli samusa.

Ola litadutsa, bwana uja anaimba foni kuti ali pamzere wa mafuta ndipo sakuona kutsogolo kwake. Isabella anatuluka thukuta. Wina anamunong'oneza kuti asadandaule, panja pali mkulu wina amene wakhala akuzungulira kuyambira mamawa, jekete atavala kale. Isabella ankamudziwa mwini zithunziyo ngati Tenesi wa tomato basi, zoti nyumba ya khoma lija inali ya ndani sanafunsepo. Anatuluka mothamanga.

Tenesi anaona nsapato zikulowa. Chidendene chodyekera kunja, chigamba pa kachala, chingwe chofiirira. Anali atazipolisha yekha m'mawa womwewo. Anayang'ana khomo, koma linali litatsekeka ndi anthu, ndipo kuseri kunalibe potulukira. Anaganiza za Luntha, amene nthawi imeneyo ankasewera pakhonde osadziwa kuti mayi ake amutaya chifukwa cha ziguduli.

A Chavula anayenda pamzere akupereka moni wa dzanja. Anayamikira sikafu ya Jerome. Kenako nsapato zinaima patsogolo pa Tenesi.

"Uyu ndi Tenesi, ndiye mwini zithunzi za mbali iyi," anatero Isabella.

Dzanja lonenepa linagwira lake n'kuligwedeza. "Monile, mama. Tenesi, dzina labwino chomene. Pitirizani, dziko likufuna amayi otere."

Nsapato zinapitirira. Zaka zisanu ndi zinayi akudya zophika zake, bamboyo sankadziwa dzina lake ngakhale nkhope yake. Ankadziwa pamwamba pa duku basi. Tenesi anapuma pang'ono, n'kupemphera kuti awerenge pepala lawo lija, adye samusa, azipita.

Pepalalo anawerengadi. Penapake anaiwala kusintha, n'kunena kuti galareyi ithetsa matenda otsegula m'mimba m'dera lino, koma anthu anawomba m'manja poti anazolowera. Akanalekera pomwepo bwenzi zitatha bwino. Koma anaona amayi ophunzira atadzaza, magalasi a Isabella akuwala, ndipo uhedimasitala unawadzukira. Ananyamula ndodo n'kuloza chithunzi chachikulu chija.

"Ambiri a inu mukungoona nsapato," anatero. "Ine ndikuwerengereni. Onani chidendene ichi, chadyekera mbali imodzi. Uyu ndi munthu woyenda mokhota, wosaongoka m'makhalidwe. Onani zingwe, china chakuda, china chofiirira. Wauve, wosasamala! Koma nsapatoyo ikuwala. Wapolisha ndani? Si iye ayi, ndi manja awa agwira beseniwa. Iye wangokhala phwii pampando, mkazi ali chogwada, mwina ngakhale dzina la mkaziyo salidziwa. Amuna osaphunzira otere ndi amene akubwezeretsa Rumphi m'mbuyo. Ndikanamudziwa, ndikanamuitanitsa ku bwalo la mpingo!"

M'manja munawombedwa, koma mosakhalitsa. Mayi wina wa kwaya, a Dinah, amene a Chavula anawakwapulapo ali sitandade 6 chifukwa chobwera kusukulu ndi mapazi afumbi, anali atatsitsa maso. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana pansi, n'kukodola mnzake ndi chigongono. Mnzakeyo anakodola wina. Mitu inayamba kuwerama umodziumodzi ngati nthawi ya pemphero. Wina anakhosomola chikhosomolo chosakhala cha chifuwa. Jerome anadziphimba pakamwa ndi sikafu, ndipo kanali koyamba kuti sikafuyo igwire ntchito.

A Chavula anaona kuti maso onse ali kumapazi awo. Anawerama kuti aone, koma anangoona tayi itagona pamimba. Anapempha mpando, anakhala, n'kutambasula mwendo wakumanja. Anaona chigamba. Anatambasula wakumanzere, n'kuona chingwe chofiirira.

"Wajambula izi ndani?" Mawu anatuluka aang'ono.

Isabella anatsegula pakamwa, koma maondo a Tenesi anali atayankha kale. Sanaganize n'komwe. Thupi linangochita zomwe linazolowera likamva mawu amenewo: anagwada pa simenti ndi diresi yobwereka, mutu pambali, manja pamodzi.

"Ndine, adada."

Apo ndiye anamuzindikira. Ali chiimire anali mayi wachilendo woyenera kulimbikitsidwa, atagwada anali Nyazgambo. A Chavula anadzuka, anatuluka osatsanzika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Nkhamanga anachoka pamwambo chakudya chisanagawidwe.

Tenesi anabwerera ku Bolero ndi tomato wake wosagulitsa. Lamulungu a Chavula sanapite kutchalitchi, akuti mutu, koma zoona zake n'zakuti nkhani inali itafika kale ndipo mpingo wonse unkayembekeza kudzaona chingwe chofiirira. Lolemba Tenesi anachapa zovala zonse za Luntha, anasokerera mabatani, n'kumuphunzitsa kumanga tsitsi yekha. Ankaopa, ndipo ankadzida. Ankadzifunsa kuti mayi wanji amene amasinthanitsa mwana ndi chithunzi cha nsapato. Koma atalowa m'chigafa kuti akataye maburashi m'chimbudzi, anangowagwira n'kuwabwezera pamalo pake.

Lachitatu anaitanidwa pakhonde. Anagwada. Patsogolo pake panali masilipasi, nsapato zija zitabisidwa.

"Nyaharawa, muuzeni mkamwana wanu kuti wandichititsa manyazi."

"Nyazgambo, akuti wawachititsa manyazi."

"Amama, auzeni adada kuti ndalakwa."

"Muuzeni kuti Rumphi yonse pano ikundidziwa ndi mapazi. Ine, amene ndaphunzitsa madokotala! Ndatuma munthu kuti akachotse chithunzicho, koma mwana wa abusa uja akukana, akuti anthu akuima pamzere kuchiona." Anapuma mwamphamvu. "Munthu sadziwika ndi mapazi. Muuzeni ajambule nkhope. Ndi tayi, ndi magalasi owerengera, ndi mabuku kumbuyo. Chikhale chachikulu kuposa chinacho, ndipo chikapachikidwe pamwamba pake."

Tenesi anadikira kuti amve za Mwazisi. Sizinabwere. Si kuti bamboyo anamva chisoni, ayi. Kungoti m'boma lonse munalibe wina wokonza mbiri yawo. Akanapita kwa Jerome akanatuluka ndi chitamba. Komanso munthu amene ananena pamaso pa kwaya yonse kuti dziko likufuna amayi otere, akanamubweza bwanji mayiyo kwawo Lachitatu lake?

"Amama, afunseni adada. Pojambula, penti ikhala m'manja. Ndiye ndikamaliza ndipita ku Mwazisi? Nanga Luntha?"

"Za Mwazisi ananena ndani?" anakalipa a Chavula, osadikira n'komwe kuti mawu awafikire. "Muuzeni kuti luso limeneli walitengera pano, pakhomo pa anthu ophunzira. Ndine ndakhala ndikumulimbikitsa."

A Nyaharawa anayang'ana khoma la khitchini lopakidwa laimu lija, kenako anabwereza mawuwo mmene analili.

Mawa lake m'mawa mpando unatulutsidwa pakhonde. A Chavula anakhalapo ndi jekete, tayi ndi Baibulo pabondo. Tenesi anabweretsa chiguduli chake choyera, anachitsamiritsa pa tebulo, n'kugwada monga mwa nthawi zonse. Atakweza maso pang'ono anaona mimba ndi mabowo awiri a mphuno. Anasunthira kumbali, koma zinali zomwezo. Nkhope sijambulika munthu ali chogwada. Anagwira mwendo wa tebulo n'kuimirira.

Anawayang'ana. Ankayembekeza chinthu choopsa, koma anapeza kankhope kakang'ono kotayika pakati pa masaya, imvi zotuluka m'makutu, ndi timaso tonyowa tosakhazikika. Zaka zonsezi ankanjenjemera chifukwa cha kamunthu aka. Anapitiriza kuyang'ana, chifukwa ntchitoyo imatero, ndipo amene anatsitsa maso anali a Chavula.

Pobisa manyaziwo anayamba kulankhula. Anafotokoza kuti chipumi chioneke chachikulu poti ndimo muli nzeru, makwinya achepetsedwe, maso aloze kutsogolo ngati munthu woona za mawa. Anayamba kukumbutsa za chaka chimene sukulu yawo inakhoza bwino m'chigawo chonse. Tenesi anaviika burashi, anaikweza, anaitsitsa. Kenako anatembenukira kwa apongozi aakazi, amene anakhala pamphasa akusenda nyemba.

"Amama, auzeni adada atseke pakamwa. Akamalankhula chibwano chikuyendayenda."

A Nyaharawa anaika lichero pansi. Anali atanyamula malamulo a amuna awo pakhomopo zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, onse olowera mbali imodzi. Anapukuta manja pa chitenje mosafulumira, anakonza duku, n'kutembenukira kwa amuna awo.

"A Chavula, akuti mutseke pakamwa."

Bambowo anali atamva kale, koma mayiwo anabwerezanso, mokweza, kuti mwina sizinamveke bwino. A Chavula anatseka. Luntha anabwera n'kukhala pafupi ndi mapazi a mayi ake, ndipo Tenesi anayamba kujambula, kuyambira kumakutu.